Mtengo wa Mandimu wa Atsibweni Anga

Mukadzafika pa sukulu imene ndiphunzitsa, m'boma la Chadiza kufupi ndi malire a Mozambique, mudzaona kuseri kwa nyumba zophunziriramo mitengo 14 ya malalanje itaima m'mizere iwiri. Alendo amayamika zipatso zace, pakuti nzotsekemera ndipo ziribe njere m'kati. Koma mwa alendo onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo za mizu ya mitengoyo. Ine ndifuna kukuuzani za mizuyo, ana inu, cifukwa si mizu ya malalanje ai, koma ya mandimu. Ndipo inatsala pang'ono kutayika cifukwa ca ulesi ndi kudzikuza kwanga.

Atsibweni anga, ndiwo alongo ao a amai, pa unyamata wao anapita kukagwira nchito ku dziko limene tsopano lichedwa Zimbabwe, monga anali kucitira amuna ambiri a kuno kwathu. Anakhala zaka zambiri m'minda yaikulu ya malalanje ku Mazowe, kumpoto kwa mzinda wa Harare. M'mbali mwa mtsinje wa Mazowe mumamera mandimu a khungu lokhuthala ndi lamakwinya. Sakoma kwenikweni pakudya, koma alimi a malalanje amawalemekeza cifukwa ca mizu yace, imene imakula msanga, imapirira cilala, ndiponso sikana nthaka ya mcenga. Pobwerera kumudzi anzao anatenga njinga ndi mabulangete. Atsibweni anaonjezapo mandimu atatu m'thumba la jekete. Anadziwa kuti njere ya mandimu ikauma imafa, cotero anazisiya njerezo m'zipatso momwemo kufikira atafika kwao. Masiku ano munthu saloledwa kuoloka malire ndi mbeu kapena mitengo popanda kalata ya Boma, cifukwa matenda a mbeu amayenda m'katundu wa anthu. Koma atsibweni zimenezo sanali kuzidziwa.

Mwa njere zonsezo munakula mtengo umodzi wokha, pambali pa culu, kumtunda kwa dimba lao, pa kamtsinje kothira mu Nsadzu. Ine ndinabadwa mtengowo uli waukulu kale. Zaka za cilala, pamene mapapaya ndi magwafa anali kuuma, iwo unali kukhalabe wobiriwira. Tikadwala cimfine amai anali kutituma kukathyola mandimu ace, ndipo palibe mwana wa pabanja pathu amene minga yace sinamlase.

Nditayamba nchito ya uphunzitsi ndinalakalaka kuti sukulu yathu ikhale ndi munda wa zipatso. Ana ambiri amayenda mtunda wautali m'mawa osalawa kanthu, ndipo malalanje amapsa m'nyengo yacisanu, pamene mango ndi masuku anatha kale. Mtundu umene ndinaufuna ndi uja wochedwa Washington Navel, wokhala ndi kamcombo kunsi kwa cipatso. Mtunduwu unayambira ku Bahia m'dziko la Brazil. M'caka ca 1870 timitengo tace tinatumizidwa ku Washington, ndipo m'caka ca 1873 mai wina, dzina lace Eliza Tibbets, analandira mitengo ya mtunduwu naibzala ku Riverside, m'dera la California ku America. Kucokera kumeneko unafalikira ku maiko ambiri. Tsono funso ndi ili: unafalikira bwanji, popeza zipatso zace ziribe njere?

Yankho lace ndilo kumezanitsa, kumene alimi amati kukwatitsa mitengo. Munthu amacotsa diso pa nthambi ya mtengo umene aufuna, ndiko kuti kamphukira kaja kogona pamene tsamba likomana ndi nthambi, naliika pansi pa khungwa la mtengo wina waung'ono. Disolo likagwira limaphuka ndi kukula kukhala nthambi. Mtengo wotere ndi mitengo iwiri pamodzi. Wa pamwamba ndiwo ubala zipatso. Wa pansi, ndiwo tsinde, ufunafuna madzi ndi cakudya m'nthaka. Lalanje lofesedwa ndi njere limatha zaka 7 kapena kuposerapo lisanabale, koma lomezanitsa limayamba kubala caka cacitatu kapena cacinai.

Musaganize kuti tsinde liri lonse ndi labwino. Kale alimi a maiko ambiri anali kumezanitsa malalanje okoma pa tsinde la malalanje owawa. M'zaka za m'ma 1930 nthenda ina inabuka ku Argentina ndi ku Brazil, ndipo inapha mitengo mamiliyoni yokhala pa tsinde limenelo. Anthu anaichula tristeza, mau amene m'Cipwitikizi, cinenero ca Boma ca anansi athu a ku Mozambique, atanthauza cisoni. Nthendayi imafalitsidwa ndi nsabwe za m'mitengo. Malalanje okhala pa tsinde la mandimu amakwinya amapirira nayo, ndipo ici ndi cifukwa cimodzi cimene alimi a kumwera kwa Africa anakondera tsinde limeneli.

Ndinauza atsibweni maganizo anga, ndipo anakondwa nati, "Bwera udzathyole mandimu akali mumtengo, ukafese njere zace." Imeneyo ndiyo njira imene alimi ambiri a nazale amapezera masinde a malalanje, ndipo ndi njira yabwino. Koma ine ndinali kungoti mawa, mawa. June anapita, July anapitanso. M'mwezi wa September anyamata osaka mbewa anatentha thengo, ndipo mphepo inanyamula motowo kuulowetsa m'dimba. Mbali imodzi ya mtengo inapsa kufikira khungwa linang'ambika; mandimu otsala ndi maluwa omwe zonse zinagwa pansi. Patapita masabata owerengeka ciswe cinalowa m'bala lija. Atsibweni anagogoda thunthu ndi mpini wa nkhwangwa, namvetsera, nati, "Mphwanga, mtengo uwu sudzatha dzinja likudzali uli ciimire. Njere palibe. Catsala ndi nthambi za mbali iyi."

Inu nonse mudziwa kuti mbeu zina sizifuna njere. Cinangwa timabzala timitengo tace, nzimbe timabzala mfundo zace, ndipo mlombwa kapena mabulosi mukazika pa mpanda zimaphuka. Mandimu naonso amabvomera kumera mizu pa nthambi yodulidwa, koma safulumira monga cinangwa, ndipo afuna cisamaliro cacikulu.

Atsibweni anati adzabwera kudzandithandiza, koma ine ndinati, "Musabvutike, atsibweni, zimenezi ndinaphunzira." Kunena zoona, ndinacita manyazi kuti ana angaone mphunzitsi wao alikuphunzitsidwa ndi nkhalamba yosadziwa kulemba. M'mwezi wa October, dzuwa liri loswa mtengo, ndinapita ndi anyamata anai. Tinadula nsonga zanthete 40 masana, ndi kuyenda nazo padzuwa kufikira kusukulu. Tinazizika ndi masamba ace onse pa bedi la ndowe zambiri, pamtetete, ndi kuthira madzi kufikira ponse panasanduka matope. Atapita masiku atatu masamba anafota. Pakutha pa masabata awiri timitengo tonse tinada kunsi ndi kununkha. Pozula ndinapeza kuti tina anyamata anatizika cadodolido, mutu pansi. Ndipo sindikanawadzudzula, pakuti ine sindinawauze kanthu za cimeneco.

Madzulo ace ndinapita kwa atsibweni, ndipo ndinawapeza pakhonde alikusema mpini. Nditapereka moni ndinati, "Atsibweni, timitengo tafa."

"Tingati?"

"Tonse."

Anakhala cete nthawi yaitali, akusemabe. Pamenepo anati, "Mphwanga, kodi munthu wodwala umampatsa nsima yolimba ndi nyama yamafuta, ndi kumgoneka padzuwa?"

Ine ndinati, "Iai, timampatsa phala ndi kumgoneka pamthunzi."

Iwo anati, "Nthambi yodulidwa ndi wodwala. Iri ndi bala, ndipo iribe pakamwa pomwera madzi. Iwe unaipatsa phwando. Tsono taleka, tiyembekeze mvula. Koma udziwe kuti nthambi zabwino zatsala pang'ono. Tikalephera ulendo uno, kwatha."

Tinayembekeza kufikira pakati pa December, mvula itakhazikika. Atsibweni anadzuka mbandakuca ndi mpeni wao wakale, wonola kwambiri, ndipo ine ndinadza ndi ana a m'kalasi langa. Coyamba anapukuta mpeniwo ndi sipiriti, kuti usatenge nthenda ya mtengo wina. Sanatenge nsonga zanthete, kapena nthambi zakale za khungwa lotuwa, koma za pakati, zimene zayamba kulimba koma zikali zobiriwira, zonenepa ngati pensulo. Kamtengo kali konse anakadula utali wa cikhato cotambasula, ndiwo masentimita ngati 20, kokhala ndi mfundo zinai kapena zisanu. Kunsi anadula mopingasa, m'munsi mwenimweni mwa mfundo, cifukwa mizu imakonda kutulukira pamenepo. Kumwamba anadula mopendekera, kuti ngakhale mwana wamng'ono adziwe kumene kuli mutu. Anacotsa masamba onse kusiyako awiri a pamwamba, ndipo awiriwo anawadula pakati. Tinapeza timitengo 30 tokha, ndipo pomwepo tinatikulunga m'saka lonyowa.

Msungwana wina anafunsa, "Agogo, mudulirenji masamba?" Iwo anati, "Funsa aphunzitsi ako." Apa tsono mabuku anga anathandiza. Ndinafotokoza kuti tsamba limatulutsa madzi usana wonse, monga khungu lathu litulutsa thukuta. Kamtengo kopanda mizu sikangabweze madzi otayikawo, cotero masamba akaculuka kamauma. Koma tikacotsa onse kadzasowa popangira cakudya, pakuti cakudya ca mtengo cipangidwa m'masamba ndi kuunika kwa dzuwa. Atsibweni anagwedeza mutu nati, "Mwanena zoona, aphunzitsi. Ine ndinali kudziwa kacitidwe kace, osadziwa cifukwa cace." Kuyambira tsiku limenelo manyazi anga anatha.

Kusukulu tinali titamanga kale cisakasa ca udzu wopyapyala, colola dzuwa pang'ono. Pansi pace tinakonza bedi la mcenga wa kumtsinje wosefa bwino, wopanda ndowe ndi pang'ono pomwe. Mcenga susunga madzi oima, ndipo umalola mpweya kufika pa bala. Ndowe ndi matope zimabvunditsa. Tinayamba kuboola maenje ndi kandodo kuti khungwa lisasendeke, ndipo tinaika theka la kamtengo kali konse pansi ndi kutsindira ndi zala. Pamwamba tinapinda nsungwi ndi kufundapo pulasitiki woonekera, kuti cinyezi cisathawe. M'masitolo ena muli ufa wofulumizitsa mizu; ife tinalibe, koma mandimu amamera ngakhale popanda ufawo. Mozungulira bedi tinawaza phulusa kuopa ciswe, ndi kumanga mpanda wa minga kuopa mbuzi. Ana okhala pafupi anagawana masiku, ngakhale pa nthawi yopuma sukulu. M'mawa uli wonse mmodzi anali kuwaza madzi pang'ono ndi citini coboola, kuti mcenga ukhale wonyowa koma wosasefukira.

Pa sabata lacinai maso anayamba kuphuka, ndipo ana anakondwa kwambiri. Koma atsibweni anati, "Masamba si umboni. Kamtengo kamatha kuphuka ndi cakudya cimene kanali naco kale, kalibe muzu ndi umodzi womwe." Mnyamata wina analephera kupirira, nazula kamodzi mobisa kuti aone. Kunsi kwace kunali kacotupa koyera ngati cipsera, cizindikiro cakuti bala lirikupola. Koma kamtengoko atakabwezera sikanacirenso. Atsibweni sanamkalipire, anangomuuza kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Atakwana masabata 8 anabwera nayesa kamtengo kali konse, kukoka pang'onopang'ono ndi zala ziwiri. Kamene kanakana kutuluka kanali ndi mizu. Ana anawerenga mokweza, ndipo tinapeza 19. Usiku wa Loweruka lotsatira kunagwa mvula yamkuntho, ndipo m'mawa mwana anathamanga kudzandiuza kuti mtengo wa atsibweni wagwa. Ndinawapeza ataima pa citsa, manja kumbuyo. Ine ndinasowa conena, koma iwo anati, "Wagwa, koma sunafe. Uli m'mcenga muja kusukulu kwako."

Mau amenewo ndi oona ndithu. Mtengo womera pa njere umatha kusiyana ndi make, monga ana a mimba imodzi asiyana nkhope. Koma kamtengo kodula ndi mtengo womwewo, ndi mphamvu zace zomwezo. Cifukwa cace alimi akapeza tsinde labwino amaliculukitsa popanda njere. Ku England kuli malo ofufuzira za zipatso ochedwa East Malling, amene anayamba m'caka ca 1913. Kumeneko Ronald Hatton anasonkhanitsa masinde a maapulo, nawasankhula mitundu yace, nawapatsa manambala. Limodzi la iwo, lochedwa M9, limacititsa mtengo kukhala waufupi ndi kubala msanga, ndipo libzalidwa m'maiko ambiri kufikira lero. Masinde otere safesedwa: alimi amaundira dothi pa mphukira za citsa kufikira zitamera mizu, ndipo mitundu ina amadula timitengo monga tinacitira ife. Ku France nakonso, pamene kacirombo kochedwa phylloxera kanayamba kuononga mizu ya mpesa m'zaka za m'ma 1860, alimi anapulumutsa minda yao pomezanitsa mpesa wao pa masinde a mpesa wa ku America, amene amaculukitsidwa ndi timitengo todula.

Koma ndiyenera kukucenjezani pa zinthu zitatu. Coyamba, si mitengo yonse imene ibvomera njira iyi. Mango ndi mapeyala amabvuta kwambiri kumera mizu pa nthambi. Masinde ace muzifesa njere. Caciwiri, nthenda ya mtengo imapita m'timitengo tonse todulidwa pamenepo. Wa atsibweni unapsa ndi moto, koma sunali wodwala. Mtengo wa masamba acikasu kapena wotuluka utomoni pa thunthu musadulepo ai. Cacitatu, mtengo wa kamtengo kodula ulibe muzu waukulu uja wolunjika pansi umene mtengo wa njere uli nao, cotero ufuna kuthiriridwa m'cilimwe zaka zoyamba, ndiponso ufuna cochinga mphepo.

Timitengo tathu tija tinatiokera m'matumba a dothi la m'nkhalango losakaniza ndi mcenga ndi manyowa oolerana, pakuti tsopano tinali ndi pakamwa podyera. Titatu tinafa pooka, ndipo tinatsala 16. Pa kali konse tinasiya mphukira imodzi yokha kuti ikule yoongoka. Pofika October mphukirazo zinanenepa ngati pensulo, khungwa lace likusendeka mosabvuta. Mlangizi wa zaulimi anatipezera nthambi za Washington Navel zocokera pa mtengo wopanda nthenda. Atsibweni anatema pa khungwa cilembo ca T cadodolido, cikhato cimodzi kucokera pa dothi, kuti madzi a mvula asalowe m'bala ndiponso matope asafikepo. Ana anaseka poona nkhalamba yosadziwa kulemba irikulemba T. Iwo anasekanso nati, "Cilembo cimodzi cokhaci ndico ndinaphunzira ku Mazowe, ndipo cinandidyetsa zaka zambiri."

Analowetsa diso pansi pa khungwa namanga ndi kacingwe ka pulasitiki. Pambuyo pace ine ndi ana tinayesa naonso akuyang'anira. Patapita masabata atatu tinamasula. Diso lobiriwira ndilo lagwira. Pamene linada tinabwereza. Kenaka tinadula tsinde pamwamba pa diso, kuti mphamvu yonse ipite ku mphukira ya lalanje. M'mwezi wa January tinaoka mitengoyo m'munda, motalikirana mamita 6, pa malo osaima madzi, ndi kusamala kuti polumikizira pakhale pamwamba pa dothi. Caka cacitatu inaonetsa zipatso zoyamba. Lalanje loyamba kupsa ana analinyamula m'mbale kupita nalo kwa atsibweni, ndipo iwo analisenda naligawira onse amene analipo, nadzisiyira kagawo kamodzi.

Mwina mwawerenga kale kuti 16 kucotsapo 14 patsala 2. Iwiriyo sitinaimezanitse. Umodzi tinaubzala pa citsa cija m'dimba la atsibweni. Winawo uli pa ngodya ya munda wa sukulu, ndipo njere zace timafesa caka ciri conse m'mwezi wa June, osanena kuti mawa.

Dzinja liri lonse mitengo yathu ya malalanje imatulutsa mphukira zaminga kunsi kwa polumikizira. Zimenezo ndi za tsinde, ndipo tikazilekerera zingalande cakudya conse kufikira lalanje litafa. Cotero ana amazithyola zikali zazing'ono. Mwana watsopano akabwera ndimampatsa tsamba limodzi la mphukira zotere kuti alifikise m'manja ndi kununkhiza. Amadabwa nati, "Aphunzitsi, awa ndi mandimu!" Pamenepo ndimamkhazika pansi ndi kumuuza mbiri imene ndakuuzani inuyi.

Mafunso

1. Atsibweni anatengeranji mandimu athunthu, osati njere zokha?
2. Chulani zolakwa zinai zimene mphunzitsi anacita m'mwezi wa October.
3. Cifukwa ninji timitengo timazikidwa m'mcenga wopanda ndowe?
4. Kodi atsibweni anatanthauzanji ponena kuti, "Wagwa, koma sunafe"?
5. Dulani timitengo 10 ta mabulosi ndi 10 ta mandimu, mutizike monga mwawerengera, ndipo mulembe tsiku limene mtundu uli wonse udzamera mizu.